Nyumba ya malamulo imavomereza ndalama, ambulansi imafuna malita

Ndine wa akaunti pa ofesi ina ya zaumoyo ya boma, ndipo sabata yathayi yonse inathera pa nkhani ya mafuta. Ndalama za mwezi uno zinalowa Lolemba, zoperewera pa zomwe tinapempha. Zimenezo tinazolowera. Chomwe chinandidetsa nkhawa n'chakuti ngakhale zikanabwera zonse, sizikanagula dizilo yemwe tinawerengera polemba bajeti chaka chisanayambe.

Apa ndi pomwe ambiri saona. Aphungu amavomereza ndalama, osati malita. Pa msika wa dziko lonse mafuta amagulidwa ndi madola, kuwerengera mgolo wa malita 159. Mtengo ukakwera, monga mu 2022 Russia italowa nkhondo ku Ukraine mgolo n'kudutsa madola 120, kapena ndalama ya dziko ikachepa mphamvu, nambala ya m'bajeti imakhala yomweyo. Chomwe chimafupika ndi mtunda womwe galimoto zingayende.

Lachiwiri tinakhala pansi ndi woyang'anira galimoto kufananiza ma logibuku, mabuku olembamo maulendo a galimoto, ndi zomwe zinatuluka pa khadi yogulira mafuta. Ntchito yotopetsa, koma m'menemo ndi momwe kudontha kumaonekera: galimoto yoti inali kugalaja koma inamwetsedwa, ulendo wopanda siginecha ya woiloleza. Ambulansi imodzi inkaoneka kuti ikumwa kwambiri poyerekeza ndi makilomita. Ndinaitana dalaivala wake, bambo achikulire omwe ayendetsa odwala zaka zambiri.

"Madala, galimoto yanuyi bwanji?"

"Bwana, kasefa kamafuta kanatha kalekale, matayala nawo ndi osasiyana ndi chikhatho. Msewu wakumidzi ndimayenda pa giya yoyamba. Lembani za sevisi, muona kusintha."

Ankanena zoona. Ndalama ya sevisi tinaibweza m'mbuyo kuti tigulire dizilo, ndipo galimoto yosakonzedwayo ikumwa dizilo yemweyo mowirikiza.

Lachitatu magetsi anazima pachipatala kuyambira m'mawa. Jenereta inalira tsiku lonse, chifukwa chipinda cha opaleshoni sichidikira, makina opereka mpweya kwa ana obadwa masiku asanakwane sadikira, ndipo katemera ambiri amafunika kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, apo ayi amaonongeka. Dizilo wa jenereta amachokera m'thumba lomwelo la galimoto. Ndinaima pafupi ndi thanki ndikuona mnyamata akuviika kandodo koyezera, n'kukatulutsa kali konyowa kunsonga kokha. Ola lililonse lomwe jenereta ikulira, ulendo wina wa ambulansi ukutha. Bilu ya magetsi nayo ibwerabe kumapeto kwa mwezi, ndipo magetsi a jenereta ndi odula kuposa apamzere.

Msonkhano wa Lachinayi unali wotentha. Ena ankafuna mafuta a ulendo wokayendera zipatala zazing'ono, ena a maphunziro a ogwira ntchito. Sindikunyoza maulendo amenewa, kuyendera n'kofunika ndithu. Koma ndinawauza abwana mosabisa kuti mayi wovutika pobereka usiku sangauzidwe kuti adikire mwezi wamawa, pomwe maphunziro angathe kudikira. Tinagwirizana kuti magulu opita mbali imodzi azikwera galimoto imodzi, ndipo mafuta a ambulansi ndi jenereta apatulidwe poyamba ena asanagawane. Sister wamkulu wa kumatenite anangoti, "Zikomo achimwene," n'kubwerera kuwodi.

Lachisanu ndinalemba lipoti. Ndinapempha kuti bajeti ya chaka chamawa tiiyambire pa malita omwe ntchito imafuna, mtengo ubwere pambuyo, ndipo pakhale kandalama kapadera koti mafuta akakwera tisamalowe m'ngongole ndi ogulitsa. Ndinaikamonso pempho la sola ya mafiriji a katemera ndi chipinda chochirira. Vuto lake n'lakuti m'bajeti sola imalowa m'gawo la chitukuko pomwe dizilo ali m'gawo la zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, ndiye ovomereza chimodzi saona zomwe chinacho chikupulumutsa. Ndinaziika patsamba limodzi, moyandikana, abwana anasaina, ndipo Lolemba lipotilo lipita kulikulu.