Kulembetsa bizinesi yophikira kunyumba ku Leicester

Ndisanakazinge mandasi ogulitsa kwa Amalawi ndi Azimbabwe a kuno ku Leicester, mzinda wa ku England, ndinayamba ndaona kaye visa. Amene anabwera pa visa ya sukulu saloledwa kuchita geni yakeyake, ngakhale ya zitumbuwa pa WhatsApp. Yanga inalola.

Kenako ndinalembetsa ku khonsolo. Lamulo limafuna utero masiku 28 usanagulitse mbale yoyamba. Fomu yake ndi ya pa intaneti, salipiritsa, ndipo sakana munthu. Ntchito yeniyeni inayamba atabwera mayi woyendera zaukhondo. Anatsegula furiji, nkuyeza kuzizira kwake, poti zakudya zosachedwa kuwonongeka zisapitirire madigiri 8. Anafuna kuona thabwa lodulirapo nkhuku yaiwisi ndi la masamba, anasuzumira pansi pa sinki, anatsegulanso buku limene ndimalembamo zonsezi tsiku lililonse.

Tinachedwa pa nsinjiro. Kwathu masamba otendera timangopakula, palibe amafunsa. Kuno mtedza uli m'gulu la zinthu 14 zimene wogulitsa ayenera kuuza wogula, chifukwa ena akangolawa kukhosi kumatupa, mpweya nkubanika. Ufa wa tirigu, mazira, mkaka ndi nsomba zilinso momwemo, ndiye mandasi ndi usipa sizinapulumuke. Mayiyo analoza chipande changa nkufunsa kuti, "Chimenechi chikachoka mu mpiru wotendera, chimapita kuti?" Tsopano zotendera zili ndi poto wake, chipande chake ndi shelefu yake. Poyamba ndinkaona ngati akungovutitsa, koma lamuloli ine ndikugwirizana nalo: wogula pa foni sukumudziwa, thupi lakenso sukulidziwa.

Akamaliza amakupatsa malikisi, kuyambira 0 mpaka 5, ndipo amawaika pa webusaiti ya Food Standards Agency, bungwe la boma loona zaukhondo wa zakudya. Kumata chikwangwani chake pakhomo ku England nkufuna kwako, ku Wales nkokakamiza. Makasitomala achizungu amakayang'anadi asanaode.

Zamsonkho sizinanditayitse nthawi. Chaka cha msonkho chimayamba pa 6 April, ndipo zogulitsa zikapitirira £1,000 umalembetsa ku HMRC, bungwe lotolera msonkho, pasanadutse pa 5 October chakacho chitatha. Amakupatsa nambala ya manambala 10 yotchedwa UTR, ndipo fomu ya msonkho ya pa intaneti ndi ndalama zake zifike pofika pa 31 January. Malisiti a ufa, mafuta ophikira ndi makontena ndimawajambula pa foni tsiku lomwelo, chifukwa inki yake sichedwa kufufutika, pomwe HMRC imafuna uwasunge zaka 5.