Mmene ndinafikira pothandiza amayi amene akusiya kusamba

Anthu ambiri akamva kuti ndine namwino komanso mzamba amaganiza kuti tsiku lililonse ndimakhala kochirira amayi, ndipo sakulakwa kwenikweni chifukwa ndi komwe ndinayambira. Koma masiku ano gawo lalikulu la ntchito yanga kuno ku Thyolo ndi la amayi a zaka zapakati pa 40 ndi 60, amene anamaliza kubereka kapena ali pafupi kumaliza. Anamwino achinyamata amandifunsa kuti njira yofikira kumeneku inadzera pati, popeza m'zipatala zathu muli khomo la sikelo, la kulera, la ana ndi la ma ARV, koma mulibe khomo lolembedwa kuti ndi la mayi amene thupi lake layamba kusintha chifukwa cha msinkhu.

Ndinaphunzira unamwino ndi uzamba pa imodzi mwa makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga anachitira anzanga ambiri a m'dera lino, kumene tili ndi Malamulo ku Makwasa, Mulanje Mission ndi Holy Family ku Phalombe. Nditakhoza mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi ananditumiza kuchipatala chaching'ono chozunguliridwa ndi minda ya tiyi. Maphunziro a nthawi imeneyo ankalunjika pa mimba, uchembere ndi mwana wakhanda, ndipo panali chifukwa chomveka: kafukufuku wa boma wa 2004 anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 984 ankamwalira chifukwa cha uchembere, chiwerengero chimene chinadzatsika kufika pa 439 pa kafukufuku wa 2015 ndi 2016. Pamene amayi akutha chomwecho, palibe amene akanaika patsogolo nkhani ya thukuta la usiku.

Chimene chinandipatutsa ndi kachilombo ka HIV. Bungwe la madokotala othandiza m'mayiko osiyanasiyana la Médecins Sans Frontières linayamba kugwira ntchito ku Thyolo mu 1997, ndipo mu 2003 ma ARV anayamba kuperekedwa m'boma lino, chaka chimodzi boma lisanayambe kuwapereka kwaulere m'dziko lonse. Mu 2011 Malawi anayambitsa ndondomeko ya Option B+, yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo ayambe mankhwala n'kumamwa moyo wake wonse. Mtsikana amene anayamba ma ARV mu 2004 ali ndi zaka 28 lero wafika pa zaka 50 kapena wayandikira, zimene abale ake, ndipo mwina ife tomwe, sitinkayembekezera. Atandisamutsira ku kiliniki ya ma ARV ndinapeza chinthu chimene ku sikelo kulibe. Mayi wa ku sikelo sabweranso mwana wake akangomaliza katemera, pamene wa ku ma ARV amabwerabe chaka ndi chaka, mpaka namwino amaona imvi zoyamba ndi kumva madandaulo akusintha.

Mayi wina wothyola tiyi anabwera ndi buku lake la kuchipatala atalikulunga m'pepala lapulasitiki la shuga poopa mvula. Nditalitsegula ndinaona masamba otsatizana a zofanana: kuyeza malungo, sanapezeke, panado, kuyezanso malungo, sanapezeke, panado. Pena anamuyeza makhololo, chifukwa munthu wa kachilombo akanena za thukuta la usiku lamulo lathu ndi kuganizira chifuwa chachikulu, ndipo lamulolo ndi labwino. Chifuwacho sichinapezekenso. "Anamwino," anatero, "moto umayambira pachifuwa apa n'kukwera kumaso, ndipo ngakhale mu June chiperoni chikuwomba, ndimafundukula bulangete pakati pa usiku, abambo kunyumba n'kumadabwa." Ndinamufunsa kuti, "Amayi, kumwezi munapita liti komaliza?" Anaseka ataphimba pakamwa ndi nsalu, nkunena kuti miyezi inayamba kudumphadumpha chaka chapitacho, koma sanaone kuti ndi nkhani yobweretsa kuchipatala. M'buku lonselo munalibe pamene wina analemba yankho la funso limenelo.

Zimene zimachitika m'thupi si zovuta kufotokoza. Mabasiketi a mazira amayamba kuchepetsa michere ya m'thupi, makamaka estrogen, ndipo kwa amayi ambiri msambo umatheratu pa zaka zapakati pa 45 ndi 55. Timanena kuti mayi wasiya kusamba pakadutsa miyezi 12 yotsatizana osaona mwezi, popanda mimba, mankhwala kapena matenda amene angaimitse msambo. Zaka zingapo nthawiyi isanafike, michereyo imakwera ndi kutsika mosalongosoka, ndipo ndi pamene thupi limatentha mwadzidzidzi, tulo timasowa, mtima umagunda msanga, mayi amapsa mtima ndi tinthu tating'ono, ndipo njira ya abambo imauma. Ena amadutsamo osamva kanthu, ena amavutika zaka zambiri. Ndaona kuti mayi akangomva kuti sanalodzedwe, sakupenga, ndipo kachilombo sikanayambe kugonjetsa mankhwala, mapewa amatsika asanalandire m'bulu ngakhale umodzi.

Nkhani ya kulera ndi imene imasokoneza kwambiri. Jakisoni wa Depo, amene amayi ambiri kuno amakonda, amatha kuimitsa msambo, choncho mayi wa zaka 44 amene sanaone mwezi kwa zaka ziwiri akhoza kuganiza kuti zake zinatha, nkusiya kubayitsa, kenako n'kupezeka ku sikelo pamzere umodzi ndi mwana wake woyamba. Kwa mayi amene msambo unasiya wokha, osati chifukwa cha jakisoni, malangizo ndi akuti wosafika zaka 50 apitirize kulera kwa zaka ziwiri kuchokera pa msambo womaliza, ndipo wopitirira zaka 50 apitirize kwa chaka chimodzi. Mimba ya pa msinkhu umenewu imabwera ndi chiopsezo chachikulu cha kuthamanga kwa magazi ndi zovuta zina, choncho nkhaniyi sindiifulumizitsa.

Khomo lachiwiri limene ndinalowera ndi la khansa ya khomo la chiberekero, imene Malawi ali m'gulu la mayiko okhudzidwa kwambiri padziko lonse. Ndinachita maphunziro a kayezedwe ka VIA, kamene timapaka viniga pakhomo la chiberekero n'kuona ngati pali malo oyera, komanso a kawotchedwe ka malo amenewo asanasanduke khansa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti mayi wa kachilombo ali pa chiopsezo cha khansayi choposa cha mnzake wopanda kachilombo kasanu ndi kamodzi, n'chifukwa chake kuyezaku kunayandikana ndi kiliniki yathu. Katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansayi, amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, adzateteza adzukulu, koma amayi anga awa anabadwa kale. Kuyeza kwa viniga kumalunjika pa zaka 25 mpaka 49, ndipo mayi akasiya kusamba malo amene timafuna kuona amalowera m'kati, moti maso okha sadalirika. Choncho chinthu chimene ndimabwereza kwa aliyense n'chakuti magazi obwera mayi atasiya kusamba, ngakhale timadontho pa kabudula wamkati, si msambo wobwerera ayi, ndipo ayenera kuonedwa ndi dokotala. Ambiri otere amatumizidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, ndipo ndalama ya minibasi imakhala mbali ya chithandizo, chifukwa kalata yotumiza munthu ikhoza kugona m'chikwama mpaka malipiro a mwezi atatuluka.

Pa za chikhalidwe, sindigwirizana ndi anzanga amene amaona miyambo yonse ngati chopinga. Kwathu kuno mayi wosiya kusamba amakwera udindo. Kumene amasungabe mwambo woti wosamba asathire mchere m'ndiwo, iyeyo wamasuka. Amakhala wolangiza achinyamata, nankungwi, munthu woitanidwa pakabadwa mwana kapena pakagwa zovuta. Ulemu umenewo ndi mankhwala, ndipo sindifuna kuti chipatala chisandutse msinkhu kukhala matenda. Chimene ndimatsutsa ndi chiphunzitso chimene amayi ena anandiuza kuti anachimva kwa akuluakulu, choti wosiya kusamba akapitiriza kugona ndi bambo mimba imatupa chifukwa palibe chotsuka m'thupi. Zimenezo si zoona, ndipo zili ndi zoopsa ziwiri. Banja limazizira popanda chifukwa, bambo n'kuyamba kuyenda, ndiponso mayi amene mimba yatupadi chifukwa cha chotupa amabisa poopa kuti anthu adziwa chimene wachita. Nthawi zambiri chimene chimamuchotsa pamphasa ndi ululu wa kuuma kuja, umene umachepa ndi mafuta ofewetsa opangidwa ndi madzi. Amene akugwiritsa ntchito kondomu ndimawachenjeza kuti Vaseline ndi mafuta ophikira amaiboola.

Mankhwala obwezera michere ya m'thupi alipo ndipo amathandizadi kutentha kwa thupi, koma m'chipatala chaching'ono cha kumudzi simuwapeza, ndipo si oyenera kwa mayi amene anadwalapo khansa ya m'mawere kapena vuto la kuundana kwa magazi. Wokwanitsa ndimamutumiza kwa dokotala wa matenda a amayi m'malo momusiya kuti akagule yekha. Kwa ambiri ntchito yanga ndi ya zinthu wamba. Ndimayeza BP ndi shuga, chifukwa estrogen akachepa chitetezo cha mtima ndi mitsempha chimachepanso. Ndimayang'ana kulemera kwa thupi pa sikelo, makamaka chiyambireni mu 2019 kupereka ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene ena amanenepa nawo. Ndimakambanso za mafupa, amene amayamba kufooka msanga pa zaka zimenezi, ndipo apa usipa ndi matemba odyedwa ndi minga yomwe, bonongwe, nkhwani ndi nandolo wathu zimagwira ntchito kuposa mabotolo odula a m'mashopu. Mayi amene amakwera zitunda za tiyi ndi dengu kumsana kuyambira m'mamawa sindimuuza za masewera olimbitsa thupi; ndimamuuza za mchere, madzi akumwa ndi tulo.

Kwa namwino wofuna kutsata njirayi, maziko ake ndi uzamba, kenako maphunziro afupiafupi a kulera, VIA, ma ARV ndi matenda osapatsirana, amene amawerengedwanso pa mapointi a CPD, osonyeza kuti namwino akupitiriza kuphunzira ali pantchito. Wofuna digiri akhoza kupita ku Kamuzu University of Health Sciences, imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine. Zotsalazo zimaphunziridwa pa benchi. Ine ndinapempha oyang'anira kuti masana a tsiku limodzi pa sabata, mzere ukachepa, ndizikhala ndi amayi opitirira zaka 40 m'kachipinda koyezera, ndipo alangizi a zaumoyo anafalitsa uthengawo m'midzi. Amayi a Mvano ndi a Dorika amandiitananso kumisonkhano yawo, kumene mafunso amabwera pa timapepala topinda opanda dzina. Gulu limene sindinalifikebe bwino ndi la abambo, ndipo ndayamba kukambirana ndi nyakwawa ziwiri za m'dera lathu kuti andipatse mpata pa msonkhano wa m'mudzi nyengo yothyola tiyi wambiri isanayambe.