Ulendo wa ku Cape Maclear kudzera ku Khwekhwerere: musalipire ndalama yonse pa Masasa

Amene mukufuna kukaona nyanja kuchokera kuno ku Dedza, njira yachidule ndi ya ku Khwekhwerere. Koma muli pa Masasa, pomwe njirayi imapatukira, musayerekeze kupereka ndalama ya mpaka ku Monkey Bay. Lipirani ya pa Golomoti basi.

Ife kondakitala anachita kutilumbirira. "Kwerani mayi, iyi ndi ya kunyanja, sitiima paliponse." Tinapereka yonse. Kutsika phiri kunayenda bwino, ngakhale mtima unali m'mwamba. Msewuwo ngokhotakhota, uku mwala uku phompho, fungo la mabuleki kumachita kulowa m'galimoto. Khalani kuwindo, chifukwa kukakhala kopanda nkhungu chigwa chonse chimaoneka, nyanja ili mbee patali.

Tsono pa Golomoti, pamene msewu umakumana ndi wa Salima, anatigulitsa. Anangoti tsikani mukwere iyo, ndalama zathu n'kupatsirana okhaokha kuseri, iwo n'kukhota kubwerera kumtunda. Minibasi imene anatiikamo dalaivala wake kunalibe. Anthu amene tinawapezamo anali oitanira, ongokhalira mipando kuti izioneka ngati yatsala pang'ono kudzadza; akakwera munthu weniweni, mmodzi wa iwo amatsika mwakachetechete. Ma Sienta akudutsa, ena a malo ndithu, ife osatha kutsika poti ndalama zapita kale. Ukafunsa, yankho lake n'lakuti "tinyamuka pompano madala." Juzi lija ndinavala chifukwa cha chisanu cha ku Dedza linasanduka katundu, kumunsi kuja kutentha kwake sikwamasewera. Tinanyamuka dzuwa litapendeka.

Chondiwawa n'chakuti nthawi yonseyo bwenzi titakaona ku Mua, komwe sikutali mukalowera cha ku Mtakataka. Mishoni ya kumeneko inayamba mu 1902, ndipo pa malo ake osungira chikhalidwe a Kungoni, omwe anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, pali zigoba za gule wamkulu zoti munthu n'kuswera ukuona.

Musanafike pa Monkey Bay pali mphambano ya ku Cape Maclear, tsikirani pamenepo. Patsala makilomita pafupifupi 18 odutsa m'mapiri ndi m'nkhalango, anyani ali m'mbali mwa msewu. Wakabaza wa njinga yamoto mugwirizane naye mtengo musanakwere, makamaka kukamada, poti akadziwa kuti mulibe kolowera amangotchula zimene wafuna. Ife tinalowa m'mudzi wa Chembe ndi mdima.

Kunyanjako sindidandaula. Malowa ali m'paki ya Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo Amalawi timalipira zochepa polowa, choncho tengani chiphaso chanu cha unzika. Anyamata a maboti amakutengerani ku chilumba cha Thumbi. Nsomba za mbuna zimabwera mpaka m'manja mukamwaza tinyenyeswa, zina zabuluu zina zachikasu, ndipo anyamatawo akaimba likhweru n'kuponya nsomba, nkhwazi imatsika mumtengo kudzaiwakha pamadzi. Manda a amishoni a Livingstonia, amene anafika mu 1875, mumayenda wapansi kukawaona. Nawo a maboti, mtengo uyambe wamveka, ndipo funsani ngati muli majekete opulumutsira.

Ndimaiwala: pa Masasa fikanipo m'mamawa, ndipo mukhale ndi ndalama zosinthasintha m'thumba. Kondakitala akati ya kunyanja, muuzeni kuti mulipira ya pa Golomoti, inayo mukaonjezera galimoto ikakhotadi kulowera ku Monkey Bay. Akakana, dikirani ina.