Popondapo pa phiko: masabata atatu pa kamalo kochepa ngati thaulo

Ndinkaganiza kuti nkhani ya popondapo pa phiko la ndege ndiimaliza Loweruka limodzi masana, ndikatsuka m'manja n'kupita kukaonera mpira. Lero ndi Loweruka lachitatu, ndipo ndangomata mbali imodzi yokha.

Kwa amene mwangoyamba kumene kutsatira zolembazi: ndikumanga ndege ya mtundu wa RV-7A ya kampani ya Van's Aircraft, ya mipando iwiri yoyandikana, mu hangala (nyumba yosungiramo ndege) yomwe timagawana anthu atatu kunja kwa Joni kuno. Mapiko ake ndi am'munsi, ndiye polowa palibe kuchitira mwina. Umaponda kachitsulo kotuluka m'mbali mwa thupi la ndege, kenako phazi linalo pa phiko, kenako n'kutsikira mumpando. Kamalo ka pa phiko kameneko azungu amati wing walk. Ine ndimangoti popondapo. Mapiko anabwera kuchokera kopentedwa mwezi watha, oyera mbee, osalala ngati mbale yadothi. Kukongola kwake n'kosachita kufunsa, koma kukanyowa pang'ono pokha ndi pamatope penipeni.

Zimenezi sindikuzimva kwa munthu. Chaka chatha mu Julaye, m'mawa wachisanu cha kuno ku Highveld, dera lokwera komwe kuli Joni, ndinakwera ndege ya mnzanga ina yomwe popondapo pake panali patafufutika, pangotsala mthunzi wakuda. Mame anali ataundana pa phiko. Phazi linangochoka lokha, bondo n'kukagunda m'mphepete mwa flap, kachigawo kosuntha ka kumbuyo kwa phiko. Ndege sinawonongeke, koma ndinatsimphina sabata yathunthu, ndipo mwini wake anayamba wayang'ana flap asanandifunse ngati ndavulala. Sindinamukwiyire. Inenso ndikanatero.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti phiko silolimba paliponse. Lata la pamwamba pafupi ndi thupi la ndege ndi la mainchesi 0.032, kutanthauza kuti silikwana ndi milimita imodzi yomwe. Chimene chimanyamula munthu wa makilogalamu 90 ngati ine si latalo ayi, koma zomwe zili kunsi kwake. Pamalo opondapo nthiti za phiko zinayikidwa moyandikana kwambiri kusiyana ndi kwina konse, ndipo pakati pa nthitizo ndi lata la pamwamba pali kalata kena kowonjezera kotchedwa doubler. Ndikukumbukira mmene ndinavutikira kukhoma marivet, timisomali tolumikizira malata, m'nthiti zimenezo zaka ziwiri zapitazo, dzanja losalowa bwino, zala zitachekekachekeka. Ukangopitirira malire a nthiti zoyandikanazo, chidendene chimatha kupindira lata m'kati osabwereranso. Kutsogolo kwa spar, mtanda waukulu wa m'kati mwa phiko, kuli thanki ya mafuta, kumbuyo kuli flap. Konseko sikopondako. Koma penti ikapakidwa, zonsezi sizionekanso. Phiko limangooneka loyera kuyambira kumutu mpaka kumchira.

Njira zomwe ndinali nazo zinali zitatu: tepu yokhakhala ngati sandipepa, tepu yofewa yonga labala, ndi penti yakuda yosakaniza ndi mchenga yomwe amapaka ndi bulashi. Pa tepu, kampani ya 3M ili ndi mtundu wake wa Safety-Walk womwe omanga ndege ambiri amagwiritsa ntchito ngakhale unapangidwira masitepe ndi pansi pa nyumba. Pa penti, dzina lomwe limatchulidwatchulidwa ndi la kampani ya Randolph. Ine sindinafune kukhulupirira zomva. Ndinatenga zidutswa za aluminiyamu zotsala, zomwe wopenta anandipoperako penti yomweyo, n'kumatapo chilichonse pakepake. Matepu ena ndinagula m'sitolo ya zomangira, ena anandipatsa anzanga a mu hangala. Zidutswazo ndinazikhomera pa thabwa, n'kulisiya panja kuseri kwa hangala masabata awiri kuti dzuwa ndi mvula ya mabingu ya masana zichite nazo zomwe zingathe.

Mtima wanga unali pa tepu yoonekera mkati, yopanda mtundu. Ndalipira ndalama zambiri pa pentiyi, ndiye ndikamatepo chigamba chakuda ngati thalauza la kumunda? Ndinamuuza zimenezi mdala wina wa hangala yoyandikana nafe, amene wamanga kale ndege ziwiri. Sanatsutse. Anangondifunsa kuti, "Nanga amene udzamunyamule, adzadziwa bwanji poti aponde?"

Ndinayankha kuti ndizidzawauza. Anaseka n'kubwerera ku ntchito yake.

Lamlungu lotsatira ndinabwera ndi mayi a kunyumba. Ndinayala katoni pa benchi, n'kujambulapo phiko, ndipo pamalo olimbawo ndinamatapo kachidutswa ka tepu yoonekera mkati ija. Ndinawauza kuti, "Mayi, tayerekezani kuti mukukwera, pondani pamene pali tepu." Anayang'ana, anawerama, n'kufunsa kuti, "Tepu yake iti, bambo?" Nkhani ya tepu yoonekera mkati inathera pomwepo. Ngati munthu wodekha, masana dzuwa likuswa mtengo, akulephera kuiona, kuli bwanji mlamu wanga amene adzakhale akunjenjemera ndi ulendo wake woyamba wa pandege, maso ali pa foni akujambula?

Kuyambira pamenepo ndinasiya kuganiza za popondapo ngati choteteza kuterereka chokha. Ndi chikwangwani cholankhula ndi phazi. Ndiye chiyenera kuoneka patali, ndipo chisakule kuposa malo olimbawo ngakhale ndi chala chimodzi, chifukwa munthu amaponda paliponse pomwe pali pakuda.

Zotsatira za pa thabwa lija zinali motere. Tepu ya sandipepa imagwira nsapato bwino kuposa zonse, yonyowa kapena youma. Vuto lake ndi lakuti imagwiranso china chilichonse. Ndinagwadapo dala, monga momwe munthu amagwadira akamatenga chikwama kuseri kwa mipando, ndipo thalauza linayamba kuyera pabondo nthawi yomweyo. Wovala kabudula angasiyepo khungu. Ina mwa matepu otchipa a m'sitolo aja inayamba kufutukuka m'makona pasanathe masiku khumi, ndipo nditaidonthezera pang'ono mafuta a ndege otchedwa avgas, a buluu a mtundu wa 100LL, guluu wake anasanduka phala. Pa RV chitsekero cha thanki chili kutali ndi popondapo, komabe mafuta akatayikira pa phiko sasankha kolowera.

Penti ya mchenga ndiyo inandichititsa kuzengereza kwambiri, chifukwa ubwino wake ndi woonekeratu. Ilibe m'mphepete moti mphepo n'kulowamo. Ikaperepeseka umangopakanso pamwamba. Koma imafuna dzanja lodekha. Mchenga wake umakhazikika pansi pa chitini, ndiye ukapanda kutakasa pafupipafupi, mbali ina imatuluka yosalala, ina ngati msewu wa miyala. Pa chidutswa changa ndinachedwanso kuchotsa tepu ya pepala ya m'malire, penti itauma kale, ndipo mzere unatuluka wa manomano. Pa chidutswa zilibe kanthu. Pa phiko lopentedwa kumene ndikanalira. Komanso ukapaka, wapaka. Kuichotsa ndiye kuti ukuchotsa ndi penti ya pansi yomwe.

Ndasankha tepu ya labala, yotuwa. Pogwira nsapato siyifika pa ya sandipepa, zimenezo ndikuvomera, koma nditathira madzi n'kupondapo ndi nsapato zitatu zosiyana, kuphatikizapo patapata, palibe inaterereka. Yakuda ndinaisiya chifukwa cha dzuwa. Joni ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo masana chidutswa chakuda chija sichinkagwirika n'komwe, pomwe chotuwa chinkangofunda. Pa phiko loyera chotuwacho chikuonekabe bwinobwino. Mayi a kunyumba atsimikiza.

Kumata kwenikweni sikunatenge ola. Ndinatsegula mapulani, n'kutsatira mizere ya marivet yomwe ikuonekabe pang'ono pansi pa penti, kuti ndidziwe pomwe nthiti yomaliza yoyandikana yathera. Ndinadula kaye chitsanzo pa katoni. Makona onse anayi ndinawazungulitsa potsatira chivundikiro cha botolo la khofi, popeza kona yosongoka ndi pomwe kufutukuka kumayambira. Malowo ndinawapukuta ndi sipiriti kawiri, n'kudikira aume. Kenako kumata kuyambira kutsogolo, kusenda pepala la kunsi pang'onopang'ono, rola ikutsatira m'mbuyo. Mwayi wake marivet a pamwamba pa phiko la RV ndi ophwatalala, ofanana ndi lata, ndiye tepu inagona popanda matuza. Kumbuyo ndinalekezera lata la phiko lisanathe, kuti pa flap pasakhale chilichonse chokopa phazi.

Cholakwika chimodzi chilipo. Mzere wa m'kati wapendekeka ndi mamilimita atatu poyerekeza ndi thupi la ndege. Palibe amene angaone, kupatula ine ndi mdala uja, amene anaima, n'kupendeketsa mutu, osanena kanthu.

Phiko lakumanja ndimata Loweruka likubwerali, ndikagula mankhwala omatira m'mphepete mwa tepu kuti mphepo ndi madzi zisalowe kunsi. Ndidzalembanso zilembo za NO STEP pa ma flap onse awiri. Mayi a kunyumba akuti pansi pake ndiwonjezere kuti OSAPONDA APA, ndipo ndayitanitsa kale zomata zake.