Sindinkamira, ndinkatsatira lamulo

Popeza kavidiyo kaja kondionetsa nditagona chagada mumtsinje kafika mpaka kwa anthu amene sadziwa n'komwe kayaki, kabwato kaja kopalasa ndi nkhafi, ndipo ena mwayamba kunditcha Kamba Wagada, ndiloleni ndinene mbali yanga musanathiremo mchere wanu.

Anthu aja ndinapita nawo kumtsinje sindinawakakamize kuti anditenge. Ndinangoona galimoto itasenza makayaki padenga, n'kuithamangira pang'ono basi. Amene akuti ndinakakamira chitseko akunama, ndinagwira kagalasi. Aliyense wopalasa m'mathithi akudziwa vuto lake: bwato ungakhale nalo, nkhafi ungakhale nayo, koma wekha sulowa mumtsinje. Pamafunika anthu osachepera atatu, kuti wina akavulala, mmodzi atsale naye, winayo akaitane thandizo. Anzanga akale anabalalika, ena banja, ena msana, ndipo kayaki yanga inatha zaka ili pakhoma ikulera akangaude.

Mtsikana wotsogolera gululo anandifunsa mwaulemu wake: "Ankolo, mumapalasa giredi yanji?" Mathithi amawaika m'magiredi, kuyambira 1, madzi ongoyenda ndi timafunde, mpaka 6, kumene munthu amayamba watsanzika bwinobwino kunyumba. Ndinati 4. Sindinaname. Funso lake silinatchule chaka.

"Nanga rolo ilipo?" Ankanena zodzitembenuza wekha bwato likagudubuka, osatulukamo. Ndinaseka, ndinati rolo saiwala, imakhala m'chiuno. Ndi zoona ndithu, kungoti chiuno chimene ndinaphunzirira rolo si chimene ndili nacho lero. Ngakhale siketi ija yotsekera pakamwa pa bwato inakana kudutsa pamimba mpaka anyamata awiri anachita kuikoka. Labala akakhalitsa amafota, funsani aliyense.

Sitinafike n'komwe pa mathithi oyamba. Ukamatuluka m'madzi odikha a kuseri kwa mwala kulowa mumkokomo, pamakhala mzere pomwe madzi otsika akulimbana ndi obwerera. Pamenepo umapendeketsa bwato kuloza kumunsi. Ine ndinapendeketsa, koma tsiku limenelo ine ndi mtsinje tinasiyana maganizo pa nkhani ya kumene kumunsi kuli. Khuvu!

Pa rolo mutu umatuluka pomalizira, chiuno chitagwira kale ntchito. Mutu wanga unalibe nthawi yodikira. Unatuluka poyamba, ndinaona thambo ndi nkhope ya mnyamata wina, ndinati "Mo…" n'kubwerera pansi. Nditayesanso ndinamalizitsa "…ni!" Kenako ndinakoka kachingwe ka siketi n'kutuluka m'bwato, monga amaphunzitsira.

Tsopano mvetserani, chifukwa apa ndi pamene kavidiyo kakundilakwira. Lamulo lalikulu la wosambira m'madzi othamanga ndi lakuti usaimirire. Phazi likakodwa pakati pa miyala, madzi amakugwetsa chafufumimba n'kukupanikiza pomwepo, ndipo anthu afa nazo zimenezi. Umagona chagada, mapazi kutsogolo kuloza kumunsi, zala za kumapazi zikuonekera pamwamba. Ine ndinagona. Ndinagona mwaukatswiri moti akanatha kundijambula n'kundiika m'buku.

Kenako matako anagunda mwala. Gu! Wina. Gu! Ndinati mtsinje uwu ndi woopsa, miyala mpaka pakati penipeni. Ndinakweza mapazi kwambiri. Gu, gu, gu, mwala uliwonse ndinaupatsa moni wakewake, ina yosalala, ina yokhala ngati inali nane chifukwa.

"Ankolo, imirirani!"

"Ayi mwanawe, lamulo!"

"Ankolo, chonde imirirani!"

Nditatembenuza maso ndinaona mnyamata uja akuyenda pambali panga. Akuyenda ndi miyendo. Madzi sanamufike ndi m'mawondo omwe. Anayenda nane choncho pang'onopang'ono, manja kumbuyo, ngati woperekeza maliro, ine ndili gada, chisoti chitatsikira pamphuno, jekete yoyandamitsa itakwera mpaka m'makutu. Sanalankhule. Nanenso sindinalankhule, chifukwa munthu amene akupulumutsa moyo wake sacheza.

Mnzake, amene zikuoneka kuti anagula chingwe chopulumutsira chatsopano ndipo ankangosowa womira, anakuwa "Chingwe!" n'kuponya thumba lonse ali pamtunda woti akanangondipatsira pamanja. Linandipeza pakamwa. Ndinagwira chingwecho pachifuwa, n'kuchidutsitsa paphewa, osachikulunga padzanja, zonse molondola. Anakoka. Sindinasunthe. Anakokanso, awiri tsopano. Sindinasunthebe, poti ndinali nditakhazikika kale pamchenga, madzi akungondilambalala. Chapafupi panali kakowa ataima mwendo umodzi, akundiyang'ana, nthenga zake zouma gwa.

Ndikufunseni inu oseka: munthu wogona chagada amaona bwanji kuya kwa madzi? Amaona mitambo. Komanso mnyamata uja ndi wamtali kwambiri, mawondo ake si muyeso wa chilichonse. Ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene wanena kuti kagonedwe kanga kanali kolakwika. Mtsikana uja anachita kunena yekha kuti sanaonepo munthu wosunga lamulo nthawi yaitali chotero, ngakhale ankanena akupukuta misozi.

Bwato anakaligwira kumunsi. Nkhafi mpaka lero ili paulendo.

Andiitananso Loweruka likubwerali, ndiye amene mumati anditaya mwagwa nayo. Akuti pakufunika munthu wokhwima maganizo woti azitenga galimoto polowera n'kukawadikira potulukira. Ndavomera, poti nkhafi yatsopano sindinagule.