Emau alipo anayi, nanga mupita uti?

Wokuperekezani akakutsitsani basi n'kunena kuti "pano ndiye pa Emau", mufunseni kuti Emau wake uti. Malo olimbirana dzinali alipo anayi, koma ambiri mwa operekeza alendowa amangotchula amene ali pafupi ndi msewu wawo, enawo n'kuwabisa.

Nkhani yonse yagona pa Luka 24:13, pamene Yesu wouka kwa akufa anayenda ndi Kleopa ndi mnzake kupita ku mudzi wa Emau. Mipukutu yakale yambiri ya Baibulo imati mudziwo unali mastadiya 60 kuchokera ku Yerusalemu, pafupifupi makilomita 11. Ina, kuphatikizapo Codex Sinaiticus, imati 160, omwe ndi makilomita ngati 30.

Otsatira 160 amapita ku Emmaus Nicopolis, pafupi ndi Latrun, m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Tel Aviv. Eusebius ndi Jerome, olemba a mpingo wakale, ankaloza kumeneku. Mupezako mabwinja a tchalitchi cha nthawi ya ufumu wa Byzantine ndi china cha ma Crusader (ankhondo achikhristu ochokera ku Ulaya) chomangidwa mkati mwake. Mudzi wa Imwas umene unali pambali pake unagwetsedwa mu 1967. Vuto ndi miyendo: Kleopa ndi mnzake anafika dzuwa litapendeka, n'kubwerera ku Yerusalemu usiku womwewo, napeza ophunzira akadali pamodzi. Makilomita 30 okwera mapiri mumdima? Ine sindikhutira nazo.

Wachiwiri, Abu Ghosh, ndiye poyenera kuchedwapo. Tchalitchi chake chinamangidwa cha m'ma 1140 pamwamba pa kasupe, ndipo mukatsikira m'chipinda chapansi madziwo alipobe, kozizira bwino ngakhale kunja kukuwotcha. Pamakoma pali zithunzi zakale zimene nkhope zambiri zinafufutidwa. Amonke a Benedictine ndiwo amasamalira malowa, choncho valani zophimba mapewa ndi mawondo. Mukatuluka idyani hummus ndi buledi wotentha, mudziwu umatchuka nazo. Dziwani chabe kuti Abu Ghosh anayamba kutchedwa Emau m'nthawi ya ma Crusader, patapita zaka zoposa 1,000 kuchokera m'nthawi ya Yesu.

El-Qubeibeh, wa ansembe a Franciscan, mtunda wake ukugwirizana ndi mastadiya 60, koma ali ku West Bank, kuseri kwa mpanda wachitetezo umene Israel anamanga. Njira imazungulira ndipo pali malo ofufuzira anthu. Tengani pasipoti, mupatule tsiku lakelake.

Wachinayi ndi Motza, kumene Josephus, Myuda wolemba mbiri yakale, analemba kuti Vespasian, mfumu ya Roma, anakhazika asilikali opuma 800 pamalo otchedwa Emau, mastadiya 30 kuchokera mumzinda. Kupita ndi kubwera ndi 60. Palibe tchalitchi cha Emau choti muone, n'chifukwa chake mabasi a alendo amangodutsa.

Musakonze ulendowu Lachisanu madzulo kapena Loweruka, mabasi a boma sayenda pa Sabata ndipo a takisi amakweza mtengo.