Nambala ya 1,234 ndi pulogalamu yosafunsa

Ndikamalemba pulogalamu yolandira manambala kuchokera kwa anthu, nambala yoyamba imene ndimayesera ndi 1,234. Munthu wa ku London akailemba, akutanthauza 1234. Wa ku Berlin kapena ku São Paulo akailemba, akunena nambala yongopitirira 1 pang'ono, chifukwa kwa iye mpatuliro ndiwo umagwira ntchito ya kadontho ka decimal. Wina wanena nambala yaikulu kuwirikiza ka 1000 kuposa mnzake, pamene zolemba zawo n'zofanana ndendende. Kabokosi kolembamo nambala pa fomu kakakhala ka ndalama kapena ka mlingo wa mankhwala, imeneyi si nkhani yosewera nayo.

Kalembedwe kake n'kambiri. Ku Germany amalemba 1.234,56, ku France 1 234,56, ku Switzerland 1'234.56. Ku India amadula atatu kumapeto kenako awiriawiri, ngati 12,34,567. Mu 2003 msonkhano wa mayiko woona za miyezo, CGPM, unagwirizana kuti kadontho ndi mpatuliro zonse n'zololedwa ngati chizindikiro cha decimal, ndipo masauzande azilekanitsidwa ndi mpata basi. Lamuloli ndi labwino, koma munthu amene akudzaza fomu pafoni amalemba mmene anaphunzirira kusukulu.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti zida zina zimalakwitsa osadandaula n'komwe. Mu JavaScript, chimodzi mwa zilankhulo zolembera mapulogalamu, parseFloat("1,234"), imene ntchito yake n'kusandutsa zolemba kukhala nambala, imabweza 1. Imawerenga mpaka pamene yakumana ndi mpatuliro, zotsalazo n'kutaya. Number("1,234") imabweza NaN, kutanthauza kuti si nambala, zomwe ndi zabwinoko, ngakhale Number yomweyo ukaipatsa kabokosi kopanda kanthu imati 0. Mu chilankhulo china, C#, ukawerenga "1,5" ndi double.Parse pa kalembedwe ka ku America (en-US) umapeza 15, chifukwa siyang'ana ngati mpatuliro uli pamalo ake. Python, yomwenso ndi chilankhulo cholembera mapulogalamu, ndimaikonda pa mfundo iyi: float("1,234") imakana ndi uthenga wa cholakwika wotchedwa ValueError, ndipo ndimadziwa pomwepo kuti pali vuto.

Anzanga ena amati ungochotsa mipatuliro yonse n'kupitiriza. Ayi ndithu. Ukatero, 2,5 wa munthu wa ku Paris wasanduka 25. Ena amadalira chilankhulo chimene chinasankhidwa pa browser, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti. Chimathandiza, koma ndi anthu angati amene kompyuta yawo ili m'Chingerezi cha ku America pamene dzanja lawo linazolowera mpatuliro?

Ine ndimalola pulogalamu kusankha yokha pokhapokha pamene palibe chokayikitsa. Zizindikiro zonse ziwiri zikapezeka, chomalizacho ndicho cha decimal, choncho 1.234,56 ndi 1,234.56 zimamveka bwinobwino. Chizindikiro chimodzi chikabwerezedwa, ngati 1.234.567, ndi cholekanitsa masauzande. Chikakhala chimodzi chokha ndipo chatsatiridwa ndi manambala amene sali atatu, ngati 12,5 kapena 3,75, ndi decimal. Nayonso 0,125 ndi decimal, pakuti palibe amene amayamba masauzande ndi ziro. Mipata ndimaichotsa, kuphatikizapo ija yosadula mzere, U+00A0 ndi U+202F, imene imabwera munthu akakopera nambala kwina.

Chotsala ndi 1,234 ndi 1.234: chizindikiro chimodzi, manambala atatu pambuyo pake. Apa palibe regex (njira yofufuzira kalembedwe m'zolemba) imene ingalowe m'mutu mwa munthu. Kabokosi kakakhala kolandira manambala athunthu okha, kapena ndalama zokhala ndi manambala awiri okha pambuyo pa decimal, yankho limadziwika. Kupanda apo ndimafunsa. Pansi pa kabokosi pamatuluka mawu akuti: "Kodi mukutanthauza 1234, kapena nambala ya pakati pa 1 ndi 2?" Munthuyo amadina chimodzi, zatha. Ndimakhulupirira kuti kumufunsa choncho n'kumulemekeza, kusiyana n'kumusinthira nambala iye osadziwa.

Ngakhale pamene pulogalamu yasankha yokha, ndimaonetsabe nambala imene yamva asanatumize fomu. Seva, kompyuta imene imalandira fomuyo, nayo imayesanso zonse payokha, ndipo imalandira kalembedwe kamodzi kokha, kadontho ka decimal popanda cholekanitsa masauzande. Zikakhala ndalama sindiziika mu float, mtundu wa nambala wongoyandikiza, mmene 0.1 + 0.2 imatuluka 0.30000000000000004. Ndimagwiritsa ntchito Decimal, mtundu umene umasunga manambala a decimal ndendende, ndipo pambali pake ndimasunganso zimene munthuyo analemba mmene zinalili, kuti mafunso akadzabwera tidzakhale ndi poyang'ana.